Mwini Giza

Giza ya m'nyumba ina ya lendi ku Chilomoni itasiya kutenthetsa madzi, eni nyumba, bambo Matewere, anauza Nachisale, wokhala m'nyumbayo, kuti aikonzetse yekha, apo ayi asamuke.

"Amasambira madzi otenthawo ndinu, mayi, ndiye gizayo ndi yanu. Muitane wamagetsi wachiphaso, ngakhale amadula."

"Ndi yangadi, bambo?"

"Yanuyanu!"

M'mawa mwake Nachisale anaitana wogula zitsulo zakale, uja amayenda ndi wilibala ndi sikelo. Anapemphanso anansi kuti amuthandize kuitsitsa kudenga. Bambo Matewere atamva phokoso anathamangira komweko, n'kupeza giza ili pasikelo.

"Mukutani apa?"

"Ndikugulitsa katundu wanga, bambo."

Bambo Matewere analumpha n'kuikumbatira, miyendo m'mwamba.

"Yanga iyi! Ndinaigula ndekha ku Joni! Nonsenu mumve, ndi yanga!"

Anansi onse anavomera kuti amva.

"Pepani, ndinasokoneza," anatero Nachisale mwaulemu. "Ndiye giza yanuyi muikonzetsa liti?"

Wogula zitsulo anasuzumira pasikelo n'kupukusa mutu.

"Mayi, achotsenipo bambowa. Akundichulutsira makilo, chonsecho m'thupi mwawomu chitsulo mulibe."