Ng'ombe Yobwera ndi Miyendo Yake

"Bambo, ng'ombe yoti muipha mawa mumaimangiriranji pamsewu tsiku lonse? Kuti itsanzike anthu?"

Anafunsa motero ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Mwandida. Bambo ake anaseka, namuyankha msangamsanga, poganiza kuti funso la mwana silifuna kulikhalira pansi. Koma yankho lenileni linawatengera chaka chathunthu. Tamverani mmene zinayendera.

Panali munthu wina kudera la kumapiri, dzina lake Yotamu, bambo wa Mwandida. Malo amene ankalima sanaswe yekha mphanje. Anaswa ndi agogo ake, bambo ake anakuza, ndipo bambowo miyendo itayamba kuwakana, anasiyira iye pamodzi ndi mng'ono wake Lufeyo. Kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, kunali dimba la tomato, kabichi, anyezi ndi mpiru. Kumtunda kunali khola. Ndowe za m'khola zinkatsikira kudimba, masamba otsala a kudimba ankakwera kukhola. Banja limeneli silinkagulitsa kwa mavenda. Wofuna ndiwo ankabwera yekha pamsewu, pansi pa mtengo wa mthethe, pomwe panali thebulo ndi sikelo.

Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse ankapha ng'ombe imodzi. Pa zimenezi agogo aja anasiya lamulo. Ng'ombe yoti iphedwe izimangiriridwa pamthethe Lachisanu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Loweruka kukacha ibwerenso pomwepo ndi miyendo yake, iphedwe anthu akuona, chikopa chiyalidwe pafupi ndi thebulo.

Choncho Lachisanu lotere aliyense wodutsa ankaima. Opita kuchigayo ankatula matumba, n'kuizungulira. Ena ankaisisita pamsana, ena ankayang'ana m'maso mwake, ena ankangodikira kuti aione ikubzikula. Onyoza sankasowa.

"Yotamu, iyi ndi ng'ombe kapena njinga? Nthiti zikuwerengeka izi!"

"Bwerani mawa, malume, mudzawerenge bwino zili m'mbale."

Tsiku lina lotere ndi limene Mwandida anafunsa funso lija.

"Timaimangirira kuti anthu adziwe kuti mawa kuli nyama," anatero Yotamu.

"Nanga si mumawauza kale pafoni?"

Mwanayo ananena zoona. Ogula ambiri tsopano anali a paboma, aphunzitsi ndi anamwino, anthu oitanitsa pafoni amene pamthethe sanapondepo. Yotamu anayamba kuwerenga mavuto a mwambowo. Ng'ombe imataya tsiku lonse la msipu. Pamsewu pali fumbi ndi ntchentche. Munthu mmodzi amakhala pamenepo kulondera pamene kudimba kukufunika madzi. Pomaliza anati mumtima mwake, agogo ankatero chifukwa analibe foni.

Mwezi wotsatira sanapite nayo kumsewu. Anaijambula ili m'khola, natumiza chithunzi kwa ogula onse.

Bambo ake a Yotamu anali pakhonde, ndodo ili pamiyendo.

"Lero si Lachisanu? Ng'ombe sikupita kumsewu?"

"Ndaijambula, bambo. Anthu aiona kale pafoni, ochuluka kuposa odutsa pamsewu."

"Aiona ikudya?"

"Aiona itaima bwinobwino."

"Chithunzicho chimabzikula?"

Lufeyo anaseka. "Madala, dziko linapita patsogolo."

"Chabwino," anatero mkuluyo. "Khola ndi lanu tsopano."

Tisanamize, njira yatsopanoyo inayenda bwino. Ankaphera kuseri kwa khola, mkati mwa mpanda wa bango, pamalo osesa bwino. Nyama ankaikulunga m'majumbo, Lufeyo n'kuiperekera pakhomo ndi pakhomo pa njinga yamoto, pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Ogula anayamikira ukhondo. Anachuluka. Miyezi khumi inatha popanda wodandaula, ndipo Yotamu anaiwala kumene anaika chingwe chomangirira ng'ombe pamthethe.

Kenaka kunabwera chinkhoswe. A Nangondo, mayi wa kutsidya kwa mtsinje amene anayamba kugula nyama pamthethe agogo aja ali moyo, anali kukonzera mwana wawo womaliza. Anabwera okha kudzanena kuti theka la ng'ombe ya mwezi umenewo likhale lawo. Yotamu anavomera. Ng'ombe yoyenera kupha inalipo imodzi yokha, mfule yofiira yonenepa. Zotsalazo zinali zabere, ana a ng'ombe, ndi ziwiri zokoka ngolo.

Lachinayi m'mawa, akutsegula khola, anaona mfule ija itaima payokha pakona, mutu uli pansi. Anaiponyera masamba a kabichi. Inanunkhiza, n'kutembenuka. Yotamu anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaimba mluzu, ng'ombe inadzutsa mutu, ndipo pa kamphindi komweko anaijambula. Chithunzi chinatuluka chokongola.

Lachisanu inagona tsiku lonse. Iye anati ndi dzuwa. Anaganiza zoitana alangizi a ziweto, koma anadzifunsa kuti, akadzati isaphedwe, nanga chinkhoswe? Anabweza foni m'thumba. Sanauze mkazi wake, sanauze bambo ake. Panalibe woti amufunse, pakuti panalibe wina amene anaiona.

Loweruka kutacha anaipeza itafa, mimba itatupa.

Lufeyo anaika dzanja pakhosi pake. "Ikadali yofunda, achimwene. Yangofa kumene."

Lufeyo anapitiriza.

"Tikadadzuka msanga pang'ono bwenzi titaipha tokha. Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Nyama ikapsa ndi nyama basi. Kutsidya ayatsa kale moto. Mukufuna a Nangondo adyetse alendo chiyani, ulemu?"

Yotamu anayang'ana mpanda wa bango. Unali wautali, wolukidwa bwino, anaumanga yekha. Kunja kwake kunalibe phazi la munthu. Anatenga mpeni.

Anasenda mbali imodzi. Anatumbula. Manja ake ankadziwa ntchito, ndipo ankagwira okha, mutu osaganiza kanthu. Ali mkati motero, chitseko cha mpanda chinalira. Anali mkazi wake, mbale ili m'manja. Pakhomo pamenepo chidutswa choyamba cha chiwindi sichinkagulitsidwa, chinali cha mwana.

"Bambo a Mwandida, mwana wadzuka. Akuti chiwindi chake."

"Ayi!" Mawuwo anatuluka iye asanawakonze. "Lero asadye. Mum'phikire dzira."

Mkaziyo anayang'ana ng'ombe, nayang'ana mwamuna wake. Sanakweze mawu.

"Kuchinkhosweko kulibe ana?"

Anatuluka ndi mbale yake yopanda kanthu.

Yotamu anakhala chogwada, mpeni uli m'manja. Anaona ana a kutsidya atakhala mozungulira pamphasa, akulimbirana fupa, monga amachitira ana pa phwando. Ambiri ankawadziwa maina. Ena ankaphunzira kalasi imodzi ndi Mwandida. Ndipo chimene chinamuopsa kwambiri si ng'ombe yakufayo ayi, koma kupepuka kwake kwa zonsezi. Kuyambira Lachinayi mpaka m'mawa umenewo palibe pamene anasankha kukhala munthu woipa. Anangokhala chete katatu, ndipo apa anali atafika.

Anaika mpeni pansi.

"Lufeyo, katenge makasu awiri."

"Achimwene, ganizani bwino."

"Ndaganiza mochedwa kale. Yamba kukumba. Ine ndikupita kutsidya."

Anapeza pabwalo pa a Nangondo pali piringupiringu. Miphika ikuluikulu inali pamoto, madzi akuwira, amayi akusenda anyezi amene iye mwini anagulitsa dzulo lake. A Nangondo atamuona ali chimanjamanja anapukuta manja pachitenje.

"Mwana wanga, nyama ili m'mbuyo?"

"Kulibe nyama, amayi. Ng'ombe yafa yokha. Sindingakupatseni."

A Nangondo anamuyandikira.

"Yafa liti?"

"Lero m'mawa." Akanatha kulekera pomwepo, ndipo anthu akanamumvera chisoni. Koma anapitiriza. "Ndinaiona ikudwala Lachinayi. Sindinanene."

"Lachinayi!" A Nangondo anaomba m'manja kamodzi. "Lachinayi ndikanapeza ng'ombe kwina, iwe! Akuchimuna ali m'njira, akubwera pa malole awiri. Ndiwadyetse kabichi ngati mbuzi? Agogo ako ndinkagula kwa iwo usanabadwe, sanandichititsepo manyazi ngakhale tsiku limodzi. Choka pamaso panga."

Yotamu sanabwerere kwawo msanga. Anathamanga midzi iwiri kufunafuna, napeza mbuzi zitatu kwa mlimi wina, nathandiza kusenda. Alendo anadya mochedwa, ndipo nyama sinakwane. Nkhani inawanda. Madzulo ake Yotamu anaimbira ogula a paboma mmodzimmodzi, kuwauza zomwezo, osachotsapo za Lachinayi.

Alangizi a ziweto anabwera, nalamula kuti dzenje likhale lakuya ndipo pamalopo awotchepo moto. Chimene chinapha ng'ombeyo sanathe kuchitchula. Mwina nyamayo sikanapweteka munthu. Mwina ikanagoneka mudzi wonse m'chipatala. Palibe akudziwa, ndipo Yotamu sanapeze umboni woti aziyenda nawo kuti anachita bwino. Ogula ena anamusiya. Ena anatsala. A Nangondo mpaka lero amadutsa pamthethe nkhope itayang'ana kumbali.

Miyezi iwiri sanaphe ng'ombe. Mwezi wachitatu anagula mfule kwa mnzake, naidyetsa masabata angapo. Lachisanu lomaliza anafufuza m'nkhokwe mpaka anapeza chingwe, natuluka nayo ng'ombe kulowera kumsewu. Podutsa pakhonde anayembekeza kuti bambo ake anenapo kanthu. Mkuluyo anayang'ana ng'ombe kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Uipatse madzi. Dzuwa lakula."

Foni sanaitaye. Anatumizabe chithunzi, koma pansi pake analemba kuti: ili pamthethe mpaka madzulo, wofuna abwere adzaione, kapena atume m'bale wake.

Inu amene mukumva fanizoli, ambiri mwa ife tinalandira ntchito kuchokera m'manja mwa makolo, ndipo m'ntchitomo muli timiyambo tooneka ngati totaya nthawi. Tina n'totayadi nthawi, ndipo palibe tchimo kutisiya. Koma musanamasule chingwe chimene simunamange ndinu, yambani mwafunsa chimene chinkagwira. Ndipo musadzitame kuti ndinu okhulupirika ngati simunayesedwepo muli nokha kuseri kwa mpanda. Yotamu sanali wakuba. Anali munthu ngati inu ndi ine, wokonda mwana wake, wofuna kuti zinthu ziyende. Munthu wanzeru sadikira kuti aone kulimba kwa mtima wake pa tsiku loipa. Amakonzeratu ntchito yake poyera, masiku akadali abwino, kuti tsiku loipalo likadzafika anthu adzamuthandize kuona chimene iye sakufuna kuona.

Lachisanu lomaliza lija Mwandida, pochoka kusukulu, anapeza bambo ake atakhala pamuzu wa mthethe, ng'ombe ikubzikula pambali pawo. Funso lake lija iye anali ataliiwala kalekale. Bambo akewo ndi amene anamuitana, namukhazika pamwendo.

"Mwandida, unandifunsa chifukwa chimene timamangirira ng'ombe pano. Ndinakuyankha zopanda mutu."

"Munati kuti anthu adziwe kuti kuli nyama."

"Ndinatero. Koma chifukwa chake ndi ichi, mwana wanga. Bambo ako akakhala okha, maso awo amaona zimene akufuna. Ng'ombe yodwala amaiona ngati yatopa ndi dzuwa. Tsono timaibweretsa pano kuti ine ndikadzinamiza, wina wodutsa aime n'kunena kuti, Yotamu, ng'ombe yako sikudya."