Kadontho Kamene Kanatayidwa

Mu ofesi ina yofufuza za nyenyezi munkagwira ntchito bambo ndi mwana wawo wamkazi, matebulo oyang'anizana, ketulo imodzi. Ankasaka nyenyezi zokalamba, zija zinafota n'kuchepa koma zikadali zotentha koopsa. Zoterezi zimaonekera bwino pa zithunzi za makina ojambula kuwala kumene diso la munthu siliona, timadontho mbwee ngati mchenga.

Bambowo anatha zaka makumi atatu akufunafuna nyenyezi yotere yoyandikana ndi dziko lathu, osaipeza. Tsono dokotala anawauza kuti maso awo safika chaka chamawa. Mwanayo mtima unamupweteka, ndipo analumbira kuti bambo ake aiona mdima usanawagwere.

Pofuna kufulumira, mwanayo anauza kompyuta kuti iyerekeze zithunzi zakale ndi zatsopano, ndipo kadontho kalikonse kosapezeka pamalo amodzimodzi katayidwe ngati cholakwika cha makina.

"Mayi, zotayazo tiziyamba taziona," anatero bambowo kwa mwana wawoyo.

"Bambo, zilipo zikwi zisanu! Nthawi tiitenga kuti?"

"Ine mayi ako ndinawadikira zaka zinayi kuti andilole."

Mwanayo anaseka, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Miyezi isanu inatha, osapeza kanthu. Bambowo anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu, kenako anasiya kubwera kuntchito.

Atasowa pogwira, mwanayo anatsegula zotayidwa zija n'kuyamba kuziona kamodzikamodzi. Sabata lachitatu, kadontho kena kanamuimitsa mutu. Sikanali cholakwika ayi, kanangosendera pang'ono. Kalanga ine! Nyenyezi yapafupi ndiyo imaoneka kusuntha pakapita zaka, zakutali zimangoti phee. Chimene ankasaka anali atachitaya yekha tsiku loyamba.

Anathamangira kunyumba ndi pepala, n'kupeza bambo ake akuwothera dzuwa pakhonde.

"Bambo, ndaipeza. Inali m'zotaya zija. Mundikhululukire."

Bambowo anayandikiza pepalalo kumaso, kulitembenuza uku ndi uku, osaona kanthu.

"Ndigwire chala, undiikire pomwe ili."

Anawagwira chala n'kuchiika pakadonthopo, misozi ili chuchuchu.

"Ndi yaing'ono?"

"Kwambiri, bambo."

"Nawenso unali choncho tsiku ndinakunyamula koyamba. Usalire, mayi, unkafulumira chifukwa cha ine. Koma zotsalazo ukazione bwinobwino."

Anakhala choncho nthawi yaitali, chala cha bambowo chili pa nyenyezi imene akanaiona ndi maso awo miyezi isanu yapitayo. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.