Tsiku Limene a Gerevazio Analima Nyanja

Pakhomo pa a Gerevazio Zilole, kumtunda kwa Mayani, mwini khomo sankafunsa munthu. Iwo ndiwo ankafunsidwa. Kachewere akachita chiwawu, anthu ankapita kwa iwo. Wailesi ikalosera mvula, iwo ankasuzumira kuphiri n'kuitsutsa. Akazi awo, a Magadalena, anali atasiya kalekale kulimbana nazo.

Mwana wawo Pilira anakwatiwa ndi Yeremiya, munthu wofatsa amene anakhala chikamwini zaka ziwiri. Zaka zonsezo a Gerevazio ankamulondola m'munda n'kumawongola mizere yake ndi phazi. Kenako Yeremiya anapita ku Durban, n'kukapeza ntchito padoko, pamalo obwereketsa alendo timabwato ta pulasitiki tokwera munthu mmodzi, timene kumeneko amati kayaki. Atakhazikika anaitanitsa mkazi wake, ndipo chaka chatha anaitana apongozi ake onse awiri kuti akaone mdzukulu.

Madzi aakulu amene a Gerevazio ankawadziwa anali a Linthipe akasefukira. Padoko anapeza sitima zotalika kuposa tchalitchi, zina zikulowa, zina zikutuluka, maboti ang'onoang'ono akupitapita pakati pake ngati nkhuku pamsika. Zonsezo anazipirira. Chimene chinawalasa mtima ndi kuona mkamwini wawo, yemwe uja wa mizere yokhota, ataima pakati pa alendo akuluakulu n'kumawalangiza, iwo akungogwedeza mitu ngati ana a katekisimu.

“Mayi a Pilira, tagwirani chipewachi,” anatero a Gerevazio.

“Mukupita kuti? Inu ndinu a kumapiri. Madzi awa alibe tsidya.”

“Ndikufuna ndimuonetse kuti sanatisiye kumbuyo.”

Yeremiya sakanatha kukaniza apongozi, komanso sakanatha kuwalangiza maso ndi maso. Ananjuta chapatali, maso ali pansi, n'kudzera kwa mkazi wake monga ankachitira kumudzi.

“Pilira, uwapemphe bambo ndiwafotokozereko pang'ono za kapalasidwe. Komanso migolo yachikasu ikuyandama apoyo ndi malire. Kuseri kwake ndi msewu wa sitima.”

“Umuuze mwamuna wakoyo,” anayankha a Gerevazio, ngakhale kuti Yeremiya anali pomwepo, “kuti ine ndinayamba kugwira mpini iye asanamere mano.”

Jekete yoyandamitsa anaivala chifukwa chakuti a Magadalena anachita kuwamangirira okha pamwamba pa suti yakutchalitchi. Atalandira nkhafi, anaitembenuza uku ndi uku. Inali yophwatalala kumapeto konse kuwiri.

“Khasu la mitu iwiri,” anatero akuseka. “Anthu akunoko ulesi.”

Anatsetsereza manja onse kumapeto kumodzi, monga agwirira mpini mlimi weniweni, n'kuyamba kulima madzi kudzanja lamanja. Kabwato kanayang'ana kumanzere. Analimanso mwamphamvu. Kanazungulira, ndipo a Gerevazio anapezeka akuyang'anizana ndi akazi awo. Anawagwedezera mutu ngati zinali zokonzeratu. Atalima kachitatu anawonanso akazi awo, koma tsopano ali ang'ono, poti madzi anali akuphwa ndipo ankakokera kabwatoko kunja kakuzungulira choncho. Yeremiya anakuwa ali kumtunda.

“Pilira, uwauze apalasenso mbali inayo!”

“Bambo! Akuti mbali inayonso!”

“Umuuze kuti mzere sayamba mbali ziwiri!”

Alendo anatulutsa mafoni. Mlonda wa padoko anaimba wenzulo. A Gerevazio anadutsa migolo yachikasu chafutambuyo osaiona n'komwe, thukuta lili kamukamu, akulimabe. Pamenepo n'kuti sitima yonyamula katundu ikutuluka, patsogolo pake pali boti lamphamvu loikoka. Hutala itaomba, mbalame zonse za padoko zinabalalika. A Gerevazio anakweza mutu, n'kuona khoma lachitsulo likubwera. Anachita chimene munthu aliyense wa ku Dedza amachita chinthu chachikulu chikamabwera mumsewu: anatambasula dzanja n'kuchibayibitsa kuti chiime, ngati minibasi ya ku Lilongwe.

Sitima sinaime. Inawadutsa chapatali ndithu, koma funde limene boti lokoka lija linasiya linafika ngati ng'ombe yolusa. Kabwato kanagadabuzika. Kwa kanthawi chimene chinkaoneka ndi nsapato ziwiri zopolishidwa bwino. Kumtunda a Magadalena anangokhala pansi, korona ali m'manja.

Yeremiya anali atalumphira kale m'kabwato kena. Anafika jekete itawatulutsa apongozi pamwamba, akulavula madzi amchere.

“Pepani bambo, ndikugwirani kolala.”

“Gwira, mwanawe! Gwira paliponse!”

Aka kanali koyamba kuti awiriwa alankhulane popanda wapakati. Yeremiya anawakweza chafufumimba pakabwato kawo, n'kukamangirira chingwe ku kake. A Gerevazio Zilole, amene Mayani yense ankawavulira chipewa, analowa padoko akukokedwa ndi mkamwini ngati mbuzi yopita kumsika, khamu la anthu likuwomba m'manja. Mlonda uja anawakalipira m'chinenero chimene sanachimve, ndipo mwina zinawakomera kutero.

Kunyumba anakhala pakhonde atafunda bulangete la mdzukulu, suti ikudontha pachingwe. Palibe amene anaitchula nkhaniyo. Pilira ankangoti akalowa kukhitchini, kumamveka ngati akutsokomola. Dzuwa litapendeka, a Gerevazio anakonza kukhosi.

“Akamwini.”

“Wawa, bambo.”

“Mumafuna kundiuza chiyani m'mawa muja?”

Yeremiya anatola tsache, n'kuligwira pakati ndi manja awiri.

“Kumanja kamodzi, kumanzere kamodzi.”

A Gerevazio anadikira kuti apitirize. Yeremiya anabweza tsache pakona.

“Basi?”

“Basi, bambo.”

Mkuluyo anayang'ana suti yake. Mawu anayi okha, amene akanawamva ali chiimire pamtunda ndi zovala zouma, anakawagula ndi ulemu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, n'kumwerapo madzi amchere. Akuluakulu sanalakwe pamene anati safunsa anadya phula.