Nkhope ya Chiwombankhanga, Msana wa Bulu

Kalekale mumzinda wa Roma, Chiwombankhanga ndi Bulu anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Bulu ankasenza siliva kuchokera kudoko mpaka pamwamba pa phiri, pomwe Nyani ankasula ndalama za mfumu. Nyani akamenya nyundo kamodzi, pandalamapo pankatuluka chithunzi cha Chiwombankhanga atatambasula mapiko. Za Bulu, ngakhale khutu lokha silinkaonekapo.

Ulemuwo unamuledzeretsa Chiwombankhanga. "Achimwene, dziko lonse limagula ndi nkhope yanga," anatero tsiku lina. "Inu mumangotibweretsera fumbi."

"Nkhopeyo ndi yanudi," anayankha Bulu akugwedeza makutu, "koma kulemera kwa ndalamayo n'kochokera pamsana panga."

Chiwombankhanga anapsa mtima, ndipo anaumiriza Nyani kuti amuthamangitse Buluyo. Bulu sanatsutse, anangotuluka kunja kwa linga la mzindawo ali wera. Siliva atayamba kusowa, Nyani anayamba kusula mkuwa n'kumaupaka siliva pamwamba pokha.

Mmawa wina Chiwombankhanga anapita kumsika kukagula nsomba ndi ndalama yatsopano, chifuwa chili patsogolo. Mayi Tsekwe, wogulitsa nsomba, anali ndi chizolowezi chokhutiza ndalama iliyonse pamwala asanailandire. Atangoikhutiza, mapiko a pandalama aja anafiira, mkuwa n'kuonekera.

"Nkhope ndi yanu, bambo, koma m'kati mulibe kanthu," anatero Mayi Tsekwe. "Bwezani nsomba yanga."

Msika wonse unafa nacho chiseko. Chiwombankhanga anagwidwa ndi manyazi, ndipo anakumbukira mnzake. Anamupeza ali gone padzuwa m'munda wouma, nthiti zili pamtunda, miimba ikuzungulira kale pamwamba. Chisoni chinamugwira, moti anapitikitsa miimbayo, anamuzulira udzu ndi zikhadabo zake zomwe, kenaka anamuphimba ndi mapiko.

"Ndinalakwa, achimwene," anatero misozi ili m'maso.

Bulu anatsegula diso limodzi n'kumwetulira. "Mapiko amenewa ndawasenza zaka zambiri. Lero ndi koyamba kundipatsa mthunzi."

Bulu atachira anabwerera kuntchito, ndipo ndalama zinayambanso kulemera m'manja. Nkhope yake sinadindidwepo mpaka kumwalira kwake. Koma anthu a ku Roma ankaona Bulu akukwera phiri ndi katundu wake, Chiwombankhanga akuuluka chapansipansi kumutchingira dzuwa.

Phunziro: Ulemu wa amene ali pamwamba umalemera ndi thukuta la amene ali pansi. Ukamtaya wokusenza, umatsala ndi nkhope yokha.