Jafali ndi Myuda Wakhumi

Jafali Mdoka anafika kwa Shehe Abasi Chipande swala ya m'mawa itatha kale, nkhope ili yakugwa. Shehe anali telala wochokera ku Machinga, ndipo ankasoka pakhonde la kamzikiti ka Amalawi m'tauni ina kufupi ndi Joni. Anali munthu wosadzimva. Mukamuitana kuti "a Shehe" ankayamba wacheuka, ngati pali Shehe wina kumbuyo kwake.

Atapatsana salamu, Jafali anakhala pabenchi n'kunena kuti, "A Shehe, ndabwera kudzakutsanzikani. Ntchito ndasiya, ndikubwerera kumudzi."

"Mwalakwana ndi abwana anu, Che Jafali?"

"Ayi. Anthu awo ndiwo andionetsa malo anga."

Kwa zaka khumi ndi zinayi Jafali ankasamalira a Meltzer, nkhalamba ya Chiyuda yofa miyendo. Ankawasambitsa, kuwaveka, ndi kuwakankha pachikuku kupita ku sunagoge, nyumba imene Ayuda amapempherera. Kumeneko aliyense ankamudziwa ndi dzina. Pa Hanuka, chikondwerero chawo cha mu Disembala pamene amayatsa makandulo masiku asanu ndi atatu, ankamukhazika patebulo limodzi ndi akuluakulu, n'kumukulungira madonasi oti akadye ndi anzake. Tisabise, zimenezi zinamulowa m'mutu pang'ono. Akamakamba za iwo ankati "kwathu ku sunagoge", anzake kumzikiti n'kumangoyang'anizana.

Tsono dzulo lake madzulo linayamba tsiku lokumbukira imfa ya mayi Dora, mkazi wa a Meltzer. Pa tsiku lotere mwamuna amaimirira, kapena kukhala ngati miyendo yakana, n'kunena pemphero la omwalira. Koma pemphero limenelo silinenedwa popanda amuna khumi a Chiyuda. Mu Disembala mabanja ambiri amapita kutchuthi kunyanja, ndipo m'sunagogemo munapezeka amuna asanu ndi anayi okha. Anadikira, akuyang'ana kukhomo, mpaka makandulo anatha.

"Ine ndinaimirira, a Shehe," anatero Jafali. "Ndinati, ndiwerengeni ine, ndikwane wakhumi. Rabi wawo anabwera n'kundigwira dzanja, akuti, 'Jafali, ndiwe m'bale wathu, koma kutero sindingathe.' M'bale wanji wosawerengedwa? Mkulu wanga uja analira ngati mwana, ine ndili pomwepo, ine amene ndimamupukuta akadziipitsira. Madonasi okha ndiye amandiwerenga!"

Shehe anachotsa phazi pamakina. Mtima unamuwawa, chifukwa anaona kuti munthuyu sanabwere ndi matama okha, anabweranso ndi chikondi chimene chapwetekedwa.

"Che Jafali, ine malamulo a Ayuda sindiwadziwa, ndipo sindingaweruze za m'nyumba ya eni. Koma ndiloleni ndikufunseni za m'nyumba yathu. A Meltzer atabwera kuno Lachisanu, tingawabweze pakhomo?"

"Ayi, tingawalandire."

"Tingawadyetse?"

"Ndi manja awiri."

"Nanga imamu atadwala, tingawakankhire kutsogolo kuti atitsogolere swala?"

Jafali anayang'ana pansi. "Sizingatheke."

"Chifukwa timadana nawo?"

Jafali anakana ndi mutu. Njiwa zinkayenda padenga la malata.

"Rabi uja akanakuwerengani," anapitiriza Shehe, "akanakhala kuti wanena pamaso pa anthu kuti Jafali si Msilamu weniweni, ndi chinthu chongodzazira mpata. Iye wakuonani kuti muli ndi chipembedzo chanu, ndipo sanafune kukulandani. Zimapweteka, sindikukana. Khomo limene umadyapo zaka zonsezo, kuzindikira kuti lili ndi chipinda chimene sulowamo, zimapweteka ndithu."

Apa misozi imene Jafali ankaimeza kuyambira dzulo inatsika. Anaipukuta ndi kofia yake.

"Tsiku la mayiwo latha?" anafunsa Shehe.

"Ayi. Kwa iwo tsiku limatha dzuwa likalowa. Akumananso masana ano, ndiye mwayi womaliza."

"Mwayiwo ukawaphonya, a Meltzer adzanena pempherolo chaka chamawa."

Jafali anapukusa mutu. "Adokotala anandiitanira pambali mwezi watha. Chaka chamawa sachiona. Eni ake akudziwa, n'chifukwa chake analira chotero."

"Ndiye inu mwawasiya ndi yani m'mawa uno?"

"Ndawasambitsa, ndawasiya pawindo ndi tiyi. Sindinawauze kuti sindibweranso." Ponena izi manyazi anamugwira, ndipo anaona kuti chikwama chimene anachiika pambali pa benchi chikumuneneza.

Shehe sanachiyang'ane chikwamacho. Anangofunsa kuti, "M'tauni yonse ino mulibe Myuda wina amene sanapite kunyanja?"

Jafali anaganiza kanthawi. "Alipo a Lipman. Koma ndi akhungu, mawondo anatha, ndipo amakhala pamwamba penipeni, nsanjika yachisanu. Lifiti inafa kalekale. Amene amawatsitsa ndi ana awo, ndiye apita kunyanjawo. M'sunagoge muja otsala onse ndi nkhalamba, palibe angakwere masitepe amenewo, ndiye kunyamula munthu?"

"Inu munawakwerapo?"

"Kawiri konse, kukawapatsa mankhwala."

"Ndi olemera?"

"Mafupa okhaokha."

Shehe anaimirira, n'kutenga chikwama cha Jafali, n'kuchilowetsa pansi pa makina ake. Kenako anamugwira paphewa, nalankhula motsitsa mawu.

"Che Jafali, lero sakuwerengani, ndipo mawanso sadzakuwerengani. Zimenezo zilireni, ndi zanu, Allah akuziona. Koma mkulu amene ali pawindoyo sakulirira inu, akulirira mkazi wake, ndipo watsala ndi masana amodzi okha. Pitani mukabereke wakhumiyo kumsana, mukamukhazike pakati pa anzake, inu mukaime kumbuyo kwa chikuku. Akayamba kupemphera musayankhe nawo, si pemphero lanu. Mungogwira mkuluyo kuti asagwe. Nyamukani, dzuwa lakwera."