Mapu a Mijigo ya kwa Dambe

Pa ofesi ya bungwe lina loona za madzi pa Boma la Mchinji, Rahima ndiye ankasunga mbiri ya mijigo yonse, yogwira ntchito ndi yakufa yomwe. Ankagwirira ntchitoyi mu notebuku, pulogalamu imene munthu amalembamo malamulo a kompyuta n'kuona zotsatira zake pomwepo. Inali yachikale, koma ankaidziwa ngati njira ya kwawo.

Lolemba kunabwera uthenga woti okumba mijigo afika Lachisanu kuchokera ku Lilongwe, ndipo akufuna kuona pa mapu midzi imene madzi avuta kwambiri. Kuti notebuku ionetse mapu, pankafunika kuikamo kapulogalamu kowonjezera. Greyson, wokonza makompyuta pa ofesipo, anamuikira notebuku yatsopano pa laputopu.

"Yakaleyo muichotse, achemwali," anatero Greyson. "Ka mapuka mukaike mu yatsopanoyi basi. Zikakhala ziwiri zimalimbirana mafayilo."

"Yandibereka zaka zinayi imeneyi, lero ndiitaye chifukwa mwanena ndinu?" Rahima anayankha osacheuka n'komwe. "Ndiika konsekonse. Ina ikakana, ndithawira ku inzake."

Anaikadi konsekonse. Ka mapu kaja kanabwera ndi mafayilo atsopano, n'kukankha akale amene notebuku yakale inkatsamira. Ataona yakaleyo ikutsimphina, Rahima anabwezeretsa mafayilo akale aja, osadziwa kuti akuthyola mwendo wa yatsopano. Lachinayi Greyson atati asuzumire, iye anatseka laputopu ija.

"Ntchito yanga ndimaidziwa, achimwene. Kakonzeni makina osindikizira uko."

Lachisanu alendo anakhala pansi, maso onse pa laputopu. Rahima anatsegula notebuku yatsopano, koma pamalo pa mapu panangoti mbee. Anathamangira ku yakale ija, nayo inamulavulira mizere yofiira yokhayokha yonena kuti zalakwika. Anabwereranso ku yatsopano, koma mapu osatuluka.

"Mayi, galimoto yokumbira yaima pamsewu," anatero a Hashim, mtsogoleri wa alendowo. "Tilowere kuti?"

"Kwa Dambe," Rahima anayankha molimba mtima. "Ndikudziwa ndine."

"Mudzi uti? Ife sitikumba pa mawu."

Manambala analipo mazanamazana, koma popanda mapu palibe amene akanaloza mudzi. Alendo analowera ku dera la kwa Zulu, kumene mlangizi wa za madzi anali atajambula kale mapu ake papepala. Amayi a kwa Dambe, amene Rahima anakhala akuwamenyera nkhondo chaka chonse, anatsala akutunga madzi a m'zithaphwi, kudikira chilimwe china.

Rahima sanapepese kwa munthu. Masana omwewo anachotsa notebuku yakale ndi dzanja lake, n'kuika ka mapu kaja mu yatsopano mokha. Mapu anatuluka bwinobwino, madontho ofiira oonetsa mijigo yakufa atadzaza dera lonse la kwa Dambe, koma oti awaone anali atapita kalekale.

Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.