Ng'oma Zosalira za Gogomole

Kalekale, mbalame ndi nyama zikadayankhulana monga tikuchitira ife pano, kunali mmisiri wosema ng'oma dzina lake Gogomole. Sompho analibe, kasemasema analibe. Zonse zinali mlomo wake womwewo.

Ng'oma imodzi inkamutengera miyezi iwiri. Ankadula chipika cha mlombwa n'kuchisiya pamthunzi kuti chiume. Chikauma ankachiboola m'kati, go go go, n'kuima, n'kupendeketsa mutu, n'kumvetsera. Go go go, n'kumvetseranso. Akamva kuti mtengo wayamba kuyankha, ankakunga chikopa, n'kumata phula pakati, n'kuwamba ng'omayo pamoto. Za kumene ankatenga zikopazo musandifunse, a Mbawala angamve.

M'mudzi momwemo munali nkhalamba ina, Nang'omba, katswiri woimba ng'oma. Ana ake onse anakamanga mabanja kutsidya kwa dambo lalikulu, kutali kwakuti mfuwu sunkafikako, koma mawu a ng'oma yabwino ankafika. Tsono ng'oma ya Nang'omba inali itadyedwa ndi chiswe. Tsiku lina iye anapita kwa Gogomole, akuyenda pang'onopang'ono monga mwa nkhalamba.

"Mwana wanga, undisemere ng'oma imodzi," anatero Nang'omba. "Tsiku limene ndidzatsamire mkono, idzandiitanire ana anga kutsidyako. Sindifuna kuti adzandiike ana anga palibe."

Gogomole anavomera ndi mtima wonse. Tsiku lomwelo anadula chipika chabwino kuposa zonse, n'kuchiimika pachokha kuseri kwa nyumba.

Pasanapite masiku ambiri kunatulukira Khwangwala, wamalonda woyenda m'misika, kolala yake yoyera ili mbee m'khosi. Anagula ng'oma ziwiri zimene anazipeza, n'kusiya lichero la ngumbi zokazinga. Gogomole anali asanadyepo ngumbi mpaka kuzisiya m'mbale. Tsiku limenelo anazisiya.

Khwangwala anabweranso, akufuna ng'oma zambiri ndiponso msanga. Gogomole atamuuza za miyezi iwiri ija, Khwangwala anaseka, nati phula ndi kuwamba n'kutaya nthawi, angokunga chikopa basi. Gogomole anafunsa kuti nanga zikalira bwanji. Khwangwala anati ogula ake sanadandaulepo. Gogomole anadabwa, koma ngumbi zinali zitabwera kale, tsono anachita momwemo.

Tsiku lina madzulo Nang'omba anadutsa. Anagogoda ng'oma imodzi ndi mlomo, kenako anafunsa:

"Yanga ili pati, mwana wanga?"

"Ikuuma, agogo."

Khwangwala anabweranso kachiwiri atanyamula chikho cha uchi. Ulendo uno anati kuboola mpaka m'kati n'kudzivutitsa, aziboola pang'ono chabe, koma kunja azisemako abuluzi, nsomba ndi masamba, chifukwa ogula amakonda zimenezo. Gogomole anasema abuluziwo, ndipo kunena zoona anali okongola, michira ili piringupiringu. Koma chidwi chinamugwira. Anafunsa kuti kumeneko amavina gule wanji, nanga woimba wake ndani amene amatha kuliza ng'oma yoboola theka. Khwangwala anakonza kolala yake, nayankha kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo anauluka.

Nang'omba anadutsanso. Anayang'ana abuluzi aja, nawayamikira, koma ng'omayo sanaigogode.

"Yanga ili pati, mwana wanga?"

"Ikuuma, agogo."

Kachitatu Khwangwala anabweranso ndi chipewa chofiira, chakuti psuu, chimene m'dera lonselo munalibe wina amene anali nacho. Anamuveka Gogomole kumutu. Tsopano anati asaboole n'komwe, angosema abuluzi n'kuphimba chikopa pamwamba. Zipika zouma zinaperewera chimodzi. Khwangwala, maso ake osaphonya kanthu, anaona chija cha kuseri kwa nyumba. Gogomole anati chimenecho n'cha agogo. Khwangwala anati mitengo siinathe m'nkhalango, ndipo nkhalambayo inali kuyendabe ndi miyendo yake. Gogomole anadzikhudza chipewa, nati mumtima mwake adula china mawa.

Inu mukuwadziwa mawa amenewa. Ine ndili nawo ambiri kwathu.

Nang'omba atadutsa kachitatu, anali kupuma movutikira. Anafunsa funso lake lija, ndipo Gogomole anayankha yankho lake lija, maso ali pansi.

Koma chimene chinkamudya Gogomole n'chakuti ankafuna kudziwa. Kodi ndi anthu otani amene amagula chipika chosaboola n'kumachitcha ng'oma? Kodi manja awo ndi achitsulo? Kapena ali ndi makutu ena akumva zimene ife sitimva? Anaganiza mpaka mutu kuwawa. M'mawa mwake, m'malo mokadula chipika cha agogo, anamutsatira Khwangwala kumsika wa kuseri kwa phiri, kwa Anyani.

Atafika anangoti kukamwa yasa. Ng'oma zonse zimene Khwangwala anagula zinali pomwepo, ndipo pa ng'oma iliyonse panali Nyani atakhalapo, miyendo ili lendelende. Wina ankasenda chinangwa. Wina ankafufuza nsabwe m'mutu mwa mnzake. Mayi wina wa Nyani atamva kuti mmisiri ndi ameneyu, anamugwira dzanja mwaulemu.

"Mipando yanu ndi yabwino, bambo," anatero mayiyo. "Iwiri yoyamba ija inkasokosa ana akaigunda, ndipo umodzi unabooka apongozi anga atakhalapo. Koma yatsopanoyi ndiye yeniyeni, sigwedera."

Gogomole anafunsa ngati panali wina amene anayesapo kuimba ng'omazo. Anyani anayang'anana, kenako anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndani amaimba mpando?

Iye sanakwiye. Akanakwiyira yani? Anyani ankafuna pokhala, zikundu zawo mukuzidziwa, ndipo anapeza pokhala. Khwangwala sanamubere kanthu, ngumbi ndi uchi anapereka. Koma manyazi anamugwira, manyazi aakulu. Anachizindikira chipika cha Nang'omba pansi pa Nyani wina wamkulu, napempha kuti amubwezere, iye apereke chipewa. Nyaniyo anati chogula n'chogula, ndipo chipewacho sichikanakwana ngakhale khutu lake.

Gogomole anabwerera kwawo. Ali panjira anamva Njiwa akulira maliro. Nang'omba anali atatsikira kuli chete m'mawa womwewo.

Anansi anasonkhana, nauza Gogomole kuti atulutse ng'oma ija, poti malemu ankauza aliyense kuti Gogomoleyo akuwasemera. Inali nyengo yotentha, ndipo maliro sakanadikira masiku ambiri. Gogomole anatenga ng'oma yopanda phula imene inatsalira, anaimba. Inangoti phu. Anatenga yoboola theka. Inangoti phu. Anatenga yosaboola imene Khwangwala anali asanatenge, ndipo Nkhwali amene anaiyesa anachoka akupepeza dzanja. Mawu sanafike ngakhale kuchitsime.

Pamenepo Gogomole anathamangira kunkhalango kukafuna mtengo wa mphako woti ulire wokha. Anagogoda uwu, go go go, n'kumvetsera. Ayi. Anagogoda uwo, go go go, n'kumvetsera. Ayi. Tsiku loyamba linatha. Lachiwiri linatha. Tsiku lachitatu anapeza mtengo wouma wa mphako yaikulu pamwamba pa chulu, ndipo anaugogoda ndi mphamvu zake zonse mpaka mlomo kuchita dzanzi. Mtengowo unayankha, mawu ake nawoloka dambo.

Ana a Nang'omba anamva, ananyamuka, anafika. Anapeza mtumbira wokhawokha, dothi litayamba kale kuuma pamwamba.

Atatha kulira, mwana wamkulu anapita kwa Gogomole. Sanamukalipire, poti sankadziwa kanthu. Anamuthokoza chifukwa chowaitana, kenako anati:

"Bambo anatitumizira mawu chaka chino kuti mukuwasemera ng'oma. Ili kuti, achimwene? Tikufuna tiitenge, tizikawakumbukira nayo."

Gogomole anatsegula pakamwa. Mawu aja akuti ikuuma anafika pakhosi, koma anakanika kutuluka. Anafuna avule chipewa kuti apepese, koma chipewacho chinali chitamera kumutu. Anakoka, anakokanso, osachoka.

N'chifukwa chake mpaka lero Gogomole amavala chipewa chofiira, ndipo mukamumva m'nkhalango amagogoda, n'kuima, n'kupendeketsa mutu, n'kumvetsera. Akufunabe mtengo wa ng'oma ya Nang'omba.

Tsono inu a luso, kugulitsa si mlandu, mmisiri naye ali ndi mimba. Koma muzifunsa chimene wogula akugula. Akafuna mpando, musemereni mpando, muutche mpando. Ng'oma ikhale ng'oma, iboolebe mpaka m'kati, chifukwa tsiku loifuna silitumiza mthenga.

Nthano yanga yathera patsinde la mtengo wa mphakowo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.